Nsikidzi Ituluka Lamulungu

Lamulungu, 8 Seputembala

Adadi andiika m'mavuto lero, pamaso pa mpingo wonse.

Titatuluka m'tchalitchi ku Wolverhampton tinali pa tiyi monga mwa masiku onse. A Bishop, amene ubishopu wawo ndi wa dzina lokha poti ntchito yawo ndi ya ku weyahausi, anayamba zija amakonda. Akuti galimoto ya Rhoda ija, kunena yanga, ndi ya pa foni. Akuti anthu tikungoonetsedwa zithunzi, ngakhale iwo akhoza kuima pafupi ndi ndege n'kujambulitsa. Anthu kuseka. Ine ndinangomwa tiyi wanga. Mwina n'zoona kuti sanaionepo. Ndinaigula ukwati wanga utatha, kwa bambo wina wa ku Solihull amene mkazi wake anamuuza kuti asankhe, ndipo ngakhale nthawi imene inkayenda bwino, kutchalitchi ndinkapita pa tramu, kasitima ka m'tauni. Mayi wopanda mwamuna kufika ndi galimoto yotere, bwenzi amayi a mvano atandiika pa mapemphero.

Koma Adadi. Munthu amene chibwerereni kuchokera ku Mponela mu Malichi sananenepo chabwino ndi chimodzi chomwe za galimoto imeneyi. Anaitcha Nsikidzi tsiku loyamba lomwe, akuti ndi yathyathyathya, yofiira, ndipo imayamwa mwini wake. Akuti galimoto ya mipando iwiri ndi ya munthu wosafuna abale. Lero Adadi omwewo aika kapu pansi, aimirira ndi ndodo yawo, n'kulengeza kuti Lamulungu likubwerali, tsiku loti mpingo utsanzikane nawo, adzafika pa geti ali m'galimoto ya mwana wawo, ndipo a Bishop adzawatsegulire chitseko.

Mu tramu pobwerera ndinawakumbutsa kuti Nsikidzi ili pa majeke chiyambire Meyi, matayala ali pakona, pampu ya madzi ikudontha. Anati, "Ndiye uikonze. Ndalankhula kale."

Ndege yawo ndi Lolemba, tsiku lotsatira lake.

Lolemba, 9 Seputembala

Tsiku lonse ku X-ray ndikujambula mafupa a anthu, mutu uli pa pampu. Mayi wina wothyoka dzanja anandifunsa ngati ine ndili bwino. Ndapempha Shanice, mnzanga wa kuntchito, atenge mashifiti anga a Lachinayi ndi Lachisanu, ine ndidzamugwirira a Khirisimasi. Wavomera msanga kwambiri. Wandidyera masuku pamutu ameneyu.

Pampu yatsopano ilipo, inabwera kuchokera ku Italy mu Julayi, yangokhala m'bokosi lake pansi pa masitepe. Anthu amene anapanga galimoto iyi anaika injini kumbuyo kwa mipando, ndiye kuti ufike pa pampu uyenera kuchotsa mipando yonse iwiri, kapeti, ndi chitsulo chotchinga kumsana. Ndikukhulupirira kuti anayamba apachika pampuyo m'malere, kenako n'kumanga galimoto mozungulira.

Madzulo ine ndi mwana wanga Angel tazula mipando, iye akadali ndi zovala za ku ofesi. Garaja imachita chinyezi ndiye tainyamula mpaka kunyumba, kudutsa kanjira ka kuseri, wina kutsogolo wina kumbuyo. A Lily a nyumba yoyandikana nafe anatsegula zenera n'kufunsa ngati tikusamuka. Angel, amene ndinamulera ndi Chichewa koma amayankha Chingerezi basi, anawauza kuti ayi, ndi amayi anga awa, don't ask.

Mipando ili pabalaza, kutsogolo kwa TV.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndabwera kuntchito ndapeza Adadi ali pampando wa Nsikidzi pabalaza, atavala suti ya Lamulungu, chipewa kumutu, ndodo pamiyendo. Mpandowo ukauika pansi umangokhala ngati mphasa yokhala ndi msana. Maondo m'mwamba, kufika m'makutu. Anati akuyeserera. Ndinafunsa kuti ayamba nthawi yanji, anati nkhomaliro isanakwane. Nkhomaliroyo ili patebulo, sinakhudzidwe. Kukhala anakhala okha, kudzuka kunakanika, ndipo rimoti inali kutali, moti masana onse aonera azungu akugulitsana mipika yakale.

Tawadzutsa awiri ndi Angel. Iye watenga udindo wa uphunzitsi. Akuti njira ndi imodzi yokha: "Bum first, Grandad, then legs." Adadi anafunsa kuti mwanayu akuti chiyani, chikhalirecho Chingerezi amachimva bwinobwino, anagwira ku positi ofesi moyo wawo wonse. Ndinati akuti muyambe ndi kukhala, miyendo ibwere pambuyo. Anati si zimene wanena.

Ayeserera mpaka nthawi ya chakudya. Kulowa akutha. Potuluka amagubuduzika chammbali n'kugwira pansi ndi manja onse, kenako kukwera ndodo pang'onopang'ono. Akuti pa geti la tchalitchi sangachite zimenezo, ndiye a Bishop adzangoyenera kukoka.

Ku garaja: pampu yakale yatuluka. Madzi apinki mpaka m'khwapa. Ndagwira ntchito chogwada pomwe pamakhala mipando, mutu m'kabowo, ngati ndikusuzumira mu uvuni.

Lachitatu, 11 Seputembala

Bawuti yagwera m'kati.

Ndiwonjezere, poti ndasamba tsopano ndipo mtima watsika. Inali bawuti yomaliza ya pampu yatsopano. Inaterereka m'zala, ndinamva ting, ting, kenako zii. Ndalowetsa maginito, palibe. Ndagwedeza galimoto, ikulira penapake ngati ikundiseka. Kuisiya sindingaisiye, ikhoza kukalowa pa lamba wa injini tili pamsewu. Ndiye ndagona chagada n'kumasula chivundikiro chonse chapansi, timasikuluwu tosatha, tina tadzimbiri, dothi likugwera m'kamwa.

Chivundikiro chitatsika panagwa bawuti yanga, bawuti ina yomwe si yanga, foloko, ndi chisa cha mbewa chomangidwa ndi matikiti a paking'i a bambo wa ku Solihull uja. Bawuti yachiwiriyo yandisowetsa mtendere. Ndafufuza paliponse, sindikuona pomwe ikusowa. Ndaijambula n'kutumiza ku gulu la pa intaneti la eni magalimoto otere, kumene onse amanditcha mate poganiza kuti ndine mwamuna. Wina akuti ndisayendetse mpaka nditapeza kwawo. Wina akuti zonse zimakhala ndi imodzi yapadera. Wachitatu akufunsa ngati ndikugulitsa folokoyo.

Folokoyo atenga Adadi. Aipukuta, akuti ndi yabwinobwino.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndawakalipira Adadi. Sindinachitepo chibadwire.

M'mawa ndinapita ku Dudley pa basi kukagula madzi a injini. Makiyi a garaja ndinawasiya pa mbedza. Pobwera ndapeza chitseko chotsegula, Adadi ali pa kampando, manja a malaya atapinda, botolo la mafuta ophikira pambali. Matayala onse awapaka polishi ya nsapato, akuwala ngati jombo za msilikali. Zimenezo bwenzi nditangoseka. Koma anaonanso kuti madisiki a mabuleki achita dzimbiri, ndiye awapaka mafuta onse anayi, mosamala, ndi kansalu, mpaka m'kati momwe mumagwira mapadi.

Ndinafunsa ngati akufuna tikafere pa raundabauti. Ndinanena zambiri. Ndinati ichi si chigayo, ndinati anakutumani ndani, ndinati miyezi yonseyi mukuinyoza, mwayamba liti kuikonda. Chingerezi chinatulukanso, chija cha kuntchito. A Lily anatseka zenera.

Adadi anapukuta manja, chala chimodzichimodzi. Kenako anati, "Makina osokera a malemu amayi ako ndimawathira mafuta Loweruka lililonse. Sanachitepo dzimbiri, ngakhale palibe wosokera."

Anatenga botolo lawo n'kumapita. Madzulo sanadye. Ndikuwamva akukoka sutikesi m'chipinda mwawo, akulongedza ngati ndege ndi ya mawa.

Angel akuti ndikapepese. Ndapita mpaka pakhomo, ndabwerera. Ndikapepesa bwanji, mafuta ali pa mabuleki.

Mapadi onse atha ntchito. Ndaimbira a Laison, a ku Chipata aja a m'kwaya, amene amayendetsa vani yonyamula katundu. Akuti mawa ali ndi ulendo wa ku Coventry, akhoza kundidutsira kwa munthu amene ali nawo. Anafunsa kuti mapadi atha bwanji pa galimoto yosayenda. Ndinati nkhani yake ndi yaitali.

Lachisanu, 13 Seputembala

M'mawa wonse kutsuka madisiki. Garaja ikununkha ngati pa chiwaya.

A Laison afika masana ndi mapadi. Azungulira galimoto atagwira pakamwa, akuti kansi iliko zoona. Ndawapempha asauze a Bishop. Akuti sanena, koma ajambula.

Kuthira madzi atsopano ndi nkhani ina. Maredieta ali kutsogolo, injini kumbuyo, mapaipi amayenda pansi ponse, ndiye mpweya umabisala m'menemo. Kuti utuluke uyenera kukweza kumbuyo kwa galimoto. Nsikidzi inaima mphuno pansi ngati nkhuku yojompha chimanga.

Ndili m'kati mothira, chithunzithunzi pakhomo. Adadi, fulasiki kukhwapa, manja onse m'matumba a jekete. Anati manjawo awasunga m'menemo kuti asalakwenso. Ndinati Adadi pepani, ndinalankhula mopanda ulemu. Anati tiyi akuzizira. Tinamwa. Kenako ndinawapatsa tochi kuti andiunikire, anatulutsa dzanja limodzi.

Chakumadzulo ndinakhala pa kreti pomwe pamakhala mpando, n'kupotokola kiyi. Inakhosomola, inakhosomolanso, kenako inabangula. Alamu ya galimoto ya munthu wina inayamba kulira kunja, nkhunda zonse za West Bromwich m'mwamba. Adadi anataya tochi. Anandifunsa m'khutu ngati yadwala. Ndinati ayi, ndi mmene imalirira ikakhala bwino. Anati ngati ndi choncho a Bishop adzatimva tikadali ku Bilston.

Ndaisiya ikulira mpaka yatentha. Pansi pouma. Palibe dontho.

Loweruka, 14 Seputembala

Pali hampu.

Pamathero pa kanjira ka magaraja, potulukira ku msewu, pali hampu ya konkire. A Lily akuti eni magaraja anaiika mu Juni chifukwa cha anyamata a njinga zamoto. Ine ndakhala ndikuiponda ndi mapazi tsiku ndi tsiku, ndadutsapo nditanyamula mipando popita ndi pobwera, osaiona. Lero ndaiona bwino, mphuno ya Nsikidzi itaigunda.

Ndinali nditamanga zonse, mipando, kapeti, matayala owala aja. Ndinabwerera m'garaja chambuyo, kuchotsanso matayala akutsogolo, kuti ndikweze masipuling'i. Ali ndi mphete zopotokola, chaka chatha ndinazitsitsa ndekha kuti galimoto izioneka bwino pa zithunzi. Lero ndazikweza mpaka pothera. Tsopano ikuoneka ngati munthu wodabwa. Kuyesanso, yagundabe. Pang'ono pokha, koma phokoso lake limandilowa m'mano.

Pafunika matabwa. Angel anati tikagule, ndinamufunsa kuti tikanyamulira chiyani, poti galimoto ya pakhomo pano ndi yomweyi. A Laison ali ku ukwati ku Leicester. Tikukangana choncho Adadi anachoka. Patapita nthawi tinawaona akubwera m'kanjira akukoka chitseko cha wadiropu, a Lily pambuyo atafungatira matabwa a bedi. Bedi la Adadi. Akuti masiku awo kuno atha, matiresi pansi akwana, anagonapo pa zoipa kuposa pamenepo.

Tinayala. Angel kutsogolo akukupiza manja, akukuwa left, left, your other left. Adadi akukuwa kumanja. A Lily agwada ndi maondo awo okalambawo, akusuzumira pansi pa mphuno n'kumandionetsa mpata ndi zala. Ndinakwera chopingasa, tayala limodzi kaye. Kalilole wa pa chitseko cha wadiropu tinaiwala kuchotsa, tinamukumbukira atasweka. Matabwa ena anathyoka. Nsikidzi inatsikira mu msewu, mphuno ili yonse.

Kubwerera m'garaja sikungathekenso, matabwa atha. Igona panja, kutsogolo kwa nyumba. Ndazungulira nayo mpaka ku raundabauti, mabuleki akugwira, geji ya madzi ili pakati. Anthu a pa siteji ya basi atulutsa mafoni.

Adadi asita okha malaya. Wadiropu ilibe chitseko, m'kati mwatsala mahang'ala okha, bedi kulibe, sutikesi pakona. Chipinda chikuoneka ngati mwini wake anapita kale. Ndinaima pakhomo pang'ono. Sindinalowe.

Lamulungu, 15 Seputembala

Ndikulembera pa chiwongolero, ndi cholembera cha Adadi.

Kulowa analowa bwino. Angel anawaombera m'manja n'kuthamangira tramu kuti akatidikire kutchalitchi ndi foni. Chipewa chinagunda denga ndiye anachiika pamiyendo. Tinanyamuka. Maloboti onse ofiira, ife pambuyo pa basi. Pa hampu iliyonse ndimachita kukwawa chopingasa, mpaka mayi wina wa njinga yakapalasa anatipitirira, tinamupitirira, anatipitiriranso. Adadi manja pa chipewa.

Titakhota kona ya kutchalitchi ndinaona anthu. Mpingo wonse panja. Amayi a mvano ndi yunifolomu zawo, kwaya, abusa, chinsalu cholembedwa kuti muyende bwino agogo. A Bishop pa geti penipeni, atavala magolovesi oyera, sindikudziwa anawatenga kuti. Atatimva anayambitsa nyimbo ija timaimbira anthu obwerera kumudzi.

Ndinayatsa indiketa. Adadi anandigwira dzanja pa giya.

"Pitirira."

Ndinati Adadi, tafika. Anati, "Ndaona. Pitirira, Nachisale." Sanali kuyang'ana anthuwo, maso anali kutsogolo. Ndinazimitsa indiketa. Tinapitirira geti pang'onopang'ono, poti pamenepo palinso hampu, moti aliyense anationa bwinobwino tikudutsa. A Bishop anatambasula dzanja kuti agwire chitseko, n'kuyenda nafe kamtunda ndithu atawerama. Nyimbo inazima, oimba besi anatsala okha, kenako nawonso anasiya.

Titafika pa motorway Adadi anati nyimbo imeneyo sakuifuna. Akuti akaimbiridwa ndiye kuti zatha, chotsatira ndi Mponela, ndipo ku Mponela munthu amaphika tiyi wa kapu imodzi. Ndinangotsitsa giya n'kuponda.

Malire a liwiro sindinadutse, koma kafikidwe kake. Mutu wa Adadi unakanirira kumpando, chipewa chinagwera kumapazi, anagwira chitseko ndi manja awiri. Kenako ndinamva kaphokoso kachilendo, ndinaganiza kuti china chamasuka kumbuyo. Anali Adadi akuseka. Anati bwereza. Ndinatsitsa liwiro n'kubwereza. Anati bwerezanso.

Foni inalira, Angel. Anayankha okha. Ndimamva mawu ake patali, akuti keke yadulidwa kale, abusa akudikira, a Bishop akana kuvula magolovesi, where are you. Adadi, mkulu wa mpingo chiyambire ndili mwana, anayang'ana msewu wopanda galimoto ndi imodzi yomwe kutsogolo kwathu, n'kunena kuti, "We are in traffic." Anadula.

Tsopano taima pa malo opumira kufupi ndi Telford. Ndawagulira tchipisi, akudyera m'galimoto momwemo, mchere ukugwera pa chikopa cha mpando, ine ndangoyang'ana kumbali. Mameseji akulowa osaleka. Sutikesi sinayezedwe, mankhwala awo a BP sindinawalongedze, ndege ndi ya m'mawa.

Andifunsa kuti msewuwu ukapitirira umafika kuti. Ndati ku Wales. Akuti kumeneko sanafikeko, ndimalize kulembako.